Matanelo a ba Mulenga

Dalitso ndi Tiyamike, za ubwana wanga ku Katete munazimva mpaka kutopa nazo, ndiye sindizibwereza. Chimene simudziwa bwino ndi ntchito imene inkandichotsa pakhomo m'mamawa n'kundibweza nditatopa. Anzanu akakufunsani munkangoti amayi amagwira za intaneti. Pano ndapuma, ndili ndi mpata wokuuzani zimene ndinkachita, ndiponso chifukwa chake ba Mulenga, amene ankabwera ndi nsomba zouma kunyumba kwathu muli ana, anadzasiya kubwera.

Dalitso asanabadwe: m'tauni

Ntchito yanga yoyamba inali pa kampani yaing'ono yogulitsa intaneti, m'chipinda chapamwamba pafupi ndi Cairo Road. Ndinkakhala kwa azakhali anu ku Kabwata, n'kumakwera minibasi kupita m'tauni. Bwana wathu anali a Mwale, munthu wowonda, wosaseka, amene ankakhulupirira kuti mkazi sangakwere padenga kukamanga mlongoti. Tsiku londifunsa mafunso ndinayankha zonse bwino, koma pomaliza ndinawauza zoona, kuti ndine wa Sabata ndipo kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka madzulo sindigwira ntchito. A Mwale anatseka faelo yanga nati, "Mayi, netiweki siziba Sabata. Ikagwa yagwa." Pakona panali bambo wina wamfupi amene ankamangirira mawaya kumbuyo kwa makina. Sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Ba Mwale, mutengeni chabe uyu. Pa Chiwelu nizasebenza ine, eve azasebenza pa Sondo. Ine nili na kwaya pa Sondo." Amenewo ndiwo anali ba Mulenga, a ku Luapula koma okulira ku Kitwe. Umo ndi mmene ndinalowera ntchito, ndipo pangano limenelo analisunga zaka zonse tinagwira limodzi, osandikumbutsa ngakhale kamodzi.

Ndiwo anandiphunzitsa rauta. Rauta ndi makina amene amalandira uthenga wodulidwa m'timapaketi, n'kusankha njira yotumizira paketi iliyonse kuti ikafike kumene ikupita. Nthawi imeneyo tinali ndi marauta ochepa, ndipo ine ndinkawadziwa onse ngati ziweto za pakhomo. Zosowa zinali zambiri. Waya ukaduka tinkalumikiza womwewo, makina akapsa tinkaphwasula ena akale n'kutengamo ziwalo. Galimoto inali imodzi, ndipo a Mwale akapita nayo kumsonkhano, ife tinkanyamula makwerero pamapewa.

Banja lathu litasamukira ku Chelstone: matanelo

Kampani inakula. Tinakwirira pansi faiba, waya wa galasi wonyamula uthenga, kuzungulira mzinda, kuchoka m'tauni kudzera ku Longacres, Kabulonga, Chelstone, n'kubwerera cha ku Woodlands mpaka ku Makeni. Ine ananditumiza kukayang'anira siteshoni ya ku Woodlands, kanyumba ka makina kokhala ndi jenereta kumbuyo. Kumeneko ndinaphunzira kuti theka la ntchito ya injiniya mu Lusaka ndi kusaka dizilo. Magetsi akazima tsiku lonse, mabatire ankatha, ndipo nthawi zina tinkapeza akuba atawanyamula kale.

Vuto lalikulu linali lina. Rauta ukaisiya yokha imasankha njira yaifupi basi. Ndiye njira ya ku Longacres inkadzaza mpaka kutsamwa, pamene ya ku Woodlands, yotalikirapo, inali yopanda kanthu. Makasitomala ankadandaula, ndipo madola ogulira zida zokulitsa njira kunalibe. Apa ndi pamene ba Mulenga anaphunzira luso lowongolera tirafiki, ndiye kuti kulamula uthenga wina kuti udutse njira imene ife tasankha. Ankachita zimenezi pomanga matanelo. Tanelo si ngalande yokumba, ndi lamulo chabe lolembedwa m'makina, lonena kuti uthenga wa banki yakuti uchoke m'tauni, udutse ku Woodlands, ukatulukire ku Chelstone. Koma kuti tanelo igwire ntchito, rauta iliyonse ya m'njiramo inkayenera kuidziwa, kuisungira malo, n'kumakumbutsana ndi inzake nthawi zonse kuti taneloyo ikadalipo.

Poyamba zinali zodabwitsa. Madandaulo anatha, a Mwale anamwetulira. Koma kasitomala aliyense wamkulu ankafuna tanelo yake, ndipo tanelo iliyonse inkafuna ina yothawirako faiba ikaduka. Anachuluka mpaka tinasiya kuwawerenga. Ba Mulenga ankawapatsa mayina a mitsinje ndi midzi ya kwawo, mwina Lubwe, mwina Mwense wachiwiri, ndipo iwo okha ndiwo ankadziwa kuti Mwense wachiwiri akunyamula za ndani, nanga ukamukhudza chigwe n'chiyani. Sankabisa dala. Ukawafunsa ankafotokoza mokondwa, kungoti pofika pakati pa kufotokozako mutu unali utadzaza kale.

A Mwale atapuma, eni kampani anabweretsa ba Chanda, munthu wa zamalonda, waulemu, wokonda misonkhano. Udindo woyang'anira netiweki yonse unayenera kupita kwa ba Mulenga, koma anaukana. "Ine ma miting'i sinikwanisa," anatero. "Pasani ba Esnati, ine munisiye na ma rauta yanga." Choncho ndinabwerera ku ofesi yaikulu, imene inali itasamukira ku Longacres, ndili bwana wa munthu amene anandilowetsa ntchito.

Chaka chimene bana Bwalya anamwalira

Akazi a ba Mulenga tinkawatchula bana Bwalya, potengera mwana wawo woyamba. Anadwala nthawi yaitali, ndipo anamwalira mvula ili pakati. Tsiku loika maliro linali Lachinayi. Ndili m'tchalitchi pa mwambo, foni yanga inayamba kunjenjemera osaleka. Ndinatuluka panja. Anali Mutinta, injiniya mnzathu amene anatsala pa ofesi. Anati makina okumba msewu adula faiba yathu cha ku Chelstone. Zimenezo zokha sizinali zachilendo. Koma matanelo onse odutsa kumeneko anayamba kufunafuna njira yatsopano nthawi imodzi, onse n'kukhamukira pa rauta yakale ya ku Kabulonga. Rautayo inalemedwa n'kuuma, osapititsanso uthenga. Akaiyatsanso, matanelo ankaikhamukiranso, n'kuumanso. Theka la makasitomala athu linali mumdima, kuphatikizapo mabanki ndi zipatala zing'onozing'ono zimene zinkatumiza zotsatira za magazi kudzera mwa ife.

Ndinathamangira ku Longacres nditavala chitenje cha pamaliro. Ine ndi Mutinta tinayesa zonse. Tinkadziwa kuti mankhwala ake ndi kuzimitsa matanelo ena kuti rauta ipume, kenako kuwabwezera limodzilimodzi. Koma kuzimitsa ati? Tinazimitsa ena, mbali ya Makeni imene inali bwino inagwanso. Dzuwa lili pamutu, ba Chanda analowa, foni ziwiri m'manja. Anayang'ana ine nati, "Ba Tembo, batumileni foni ba Mulenga." Ndinati munthu akuika mkazi wake. Anati, "Niziba. Manje tichite bwanji? Ba chipatala bakamba ati pali odwala bayembekeza." Sananame. Ndinakana kuimba foni. Ndinati ngati n'kuwatenga, ndipita ndekha ndikawaone m'maso.

Ndinafika kumanda anthu akuika nkhata. Ndinaima kumbuyo mpaka abusa anatseka ndi pemphero. Ba Mulenga anandiona ndisanalankhule, anabwera okha. "Ni chani, ba Esnati? Yagwa?" Ndinati yagwa, ya ku Kabulonga. Anayang'ana mulu wa dothi kanthawi, kenako anati, "Tiyeni." Tikupita ku galimoto, Bwalya anatitsatira. Anali mtsikana wamkulu kale, maso atatupa. Sanakalipe. Anangondigwira mkono nati, "Ba anti, olo lelo?"

Ba Mulenga anakhala pa kompyuta ali ndi jekete lakuda, matope a kumanda ali ku nsapato. Anazimitsa matanelo amene ife sitinawaganizire, rauta inapuma, anawabwezera mwa dongosolo lawo. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni zonse zinali zitabwerera. Ndinawaperekeza ku nyumba yawo ku Avondale. Tinapeza achibale ambiri ochokera ku Luapula atanyamuka kale, osatsanzikana nawo.

Miyezi yotsatira: chosankha

Kwa nthawi ndithu ndinali ndikuwerenga za njira yatsopano yowongolera tirafiki, yotchedwa segment routing, koma ndinkaiona ngati ya makampani olemera a kunja. Pambuyo pa maliro aja ndinaiwerenga ndi mtima wina. Nzeru yake ndi yosavuta. Rauta iliyonse imapatsidwa nambala imodzi yodziwika pa netiweki yonse. Rauta yoyamba, imene paketi yalowera, imalemba pamutu pa paketiyo manambala a malo amene iyenera kudutsa: Woodlands, kenako Chelstone. Marauta a pakati sasunga kanthu ndipo sakumbutsana kanthu. Amangowerenga nambala yapamwamba n'kupititsa paketi. Faiba ikaduka, rauta imakhala itadziwerengera kale njira yothawira, ndiye palibe chikhamu chofunafuna njira nthawi imodzi. Munthu aliyense wophunzira bwino angatsegule makina n'kumvetsa zimene zikuchitika.

Ndinakafotokozera ba Chanda. Anamvetsera bwino, anafunsa za mtengo wa makina, kenako anafunsa funso lina. "So ikasila iyi nchito, tizafunika bantu bangati ku netiweki?" Ndinati anthu onse adzafunikabe, ntchito ina ilipo yambiri. Anagwedeza mutu mwaulemu n'kulemba kanthu papepala. Ndinatuluka ndikudziwa kuti zimene ndikufuna kuchita zidzachotsa chinthu chokhacho chimene chinkachititsa eni kampani kuopa kutaya ba Mulenga.

Sindinafune kuti azimve kwa wina. Tsiku lina masana tikuchokera ku Kabulonga kukaona rauta ija, ndinaimika galimoto pansi pa mtengo n'kuwauza zonse, ngakhale funso la ba Chanda.

"Mufuna kugwesa ma tanelo yonse?"

Ndinati inde, pang'onopang'ono, ndipo ndikufuna kuti iwo atsogolere ntchitoyo, chifukwa palibe wina wodziwa kumene chilichonse chikudutsa.

"Nikumbe manda yanga neka?" anatero, akuseka kuseka kosakoma. "Ba Esnati, aya ma tanelo ndiye yanadyesa iyi kampani pamene kunalibe ma dola. Manje lelo ni doti?"

Ndinati si dothi, anatipulumutsa, koma afika poti munthu mmodzi sangadwale, sangapite kutchuthi, sangaike mkazi wake mwamtendere. Apo anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Ninadandaula kuli imwe? Munanimvela nadandaula?" anafunsa. "Ku nyumba kulibe muntu. Bwalya ali ku Ndola. Nikauka kuseni, chamene chinilindila ni iyi netiweki. Ndiye chamene mufuna kunipoka."

Zimenezo sindinaziyembekezere. Ine ndinkaona ngati ndikuwamasula goli, pamene iwo golilo ndi limene linkawaimiritsa. Anandifunsa ngati ndingalonjeze kuti ntchito yawo sidzatha. Ndinawauza kuti ndidzamenya nkhondo, koma kulonjeza sindingathe, chifukwa kampani si yanga.

Kwa masabata angapo ndinkadya osamva kukoma. Atate anu, amene za makompyuta sankazidziwa, anandifunsa funso limodzi tili pakhonde. Anati, kodi ba Mulenga atagwa mawa ndi sitiroko, odwala aja angadikire masiku angati? Ndinati sindidziwa, mwina sabata. Anati ndiye yankho uli nalo kale, chikukuvuta ndi chisoni. Ndinasaina pempho logula makina atsopano sabata yomweyo.

Tiyamike ali ku koleji: kugwetsa

Ntchitoyo inatenga nthawi yaitali kuposa mmene ndinauzira ba Chanda. Marauta akale, monga ya ku Kabulonga ija, sankatha njira yatsopanoyi, ndipo atsopano ankabwera apo ndi apo, malinga ndi mmene madola apezekera. Choncho kwa nyengo yaitali tinkayendetsa njira ziwiri pamodzi, yakale ndi yatsopano. Tinkasamutsa makasitomala Lamulungu m'mawa, anthu ali kutchalitchi, maofesi atatseka. Tinayamba ndi masukulu, tinamalizira mabanki ndi zipatala. Sikuti zonse zinayenda bwino. Lamulungu lina ndinasamutsa kampani ya mabasi osadziwa kuti tanelo yawo inkanyamulanso mafoni a ofesi yawo, ndipo Lolemba ndinakapepesa ndekha.

Mutinta ndiye anatsogolera ntchito imene ba Mulenga anaikana. Iwo sanatitchinge, ndipo sananame ngakhale kamodzi. Ukawafunsa kuti Lubwe akunyamula chiyani, ankayankha molondola, koma zokhazo zimene wafunsa. Nthabwala zinatha. Masana ankadya okha m'galimoto. Kunyumba kwathu anasiya kubwera, ndipo inu mutafunsa ndinakuuzani kuti atanganidwa. Loweruka ankabwerabe kuntchito m'malo mwanga monga kale. Ndinawauza kuti Mutinta angathe kusinthana nane, iwo anati, "Ivo ni vina, ivi ni vina."

Tanelo yomaliza inali ya chipatala china cha ku Chelstone. Titaisamutsa, Mutinta anafunsa ngati ba Mulenga angafune kuifufuta okha. Anakana. Anatenga jekete n'kutuluka panja, ndipo ndinaifufuta ine.

Mvula yotsatira faiba inadukanso, ulendo uno cha ku Woodlands. Tinadziwa chifukwa chakuti nyali yofiira inayaka pa sikirini. Foni sinalire ngakhale imodzi. Tinatumiza amisiri kukalumikiza, ife n'kupitiriza kumwa tiyi. Ndinayang'ana ba Mulenga pa desiki pawo. Anali akuyang'ana nyali yofiira ija, manja atapinda.

Chaka chisanathe, eni kampani analamula kuti dipatimenti yathu ichepe. Dzina la ba Mulenga linali loyamba, chifukwa malipiro awo anali okwera ndipo msinkhu unali utapita. Ndinalimbana nazo mpaka ndinakaonana ndi eni ake, zimene sindinachitepo chiyambire. Chimene ndinapeza n'chakuti akhale mphunzitsi wa amisiri ku depoti ya ku Makeni, pa malipiro otsika. Ndinakawauza ndekha. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati, "Ninakuuzani mu motoka." Uphunzitsiwo anaukana, anasankha kupuma. Phwando lotsanzikana analikananso. Tsiku lomaliza anapereka makiyi kwa mlonda, osati kwa ine.

Ine ndinagwirabe zaka zingapo. Mutinta anapita kukabereka n'kukhala miyezi yake yonse osaimbiridwa foni. Ine ndinagonekedwa m'chipatala nthawi ija ya opaleshoni, netiweki osadziwa n'komwe. Mukandifunsa ngati ndikanasankha mwina, yankho ndi ayi. Mukandifunsa ngati zinandipweteka, mpaka lero ndikadutsa ku Avondale ndimachepetsa liwiro pa geti lawo lakale.

Nditapuma: ku Makeni

Pa phwando langa lotsanzikana sanabwere, ngakhale ndinawaitana. Ndinamva kwa Bwalya, amene tinakumana mu shopu ku Kabulonga ali ndi mwana kumbuyo, kuti atate ake anagulitsa nyumba n'kugula kamunda ku Makeni, akuweta nkhuku. Ndinamufunsa ngati angandilandire. Anati, "Yendani chabe, ba anti. Bazakalipa, koma yendani."

Ndinapita Lamulungu lina masana, chilimwe chathachi. Ndinawapeza akutsuka zomwera nkhuku, atavala magambutsu, tsitsi lonse loyera. Anandiona, anandipatsa moni wa kwawo kuti, "Shani, ba Esnati," ngati tinasiyana dzulo, n'kupitiriza kutsuka. Ndinakhala pa benchi pansi pa mtengo wa mapeyala mpaka anamaliza zomwera zonse, ndipo sanafulumire. Atabwera tinakamba za mtengo wa chakudya cha nkhuku, za chitsime chawo chimene chinkaphwa, za mdzukulu. Kenako nkhani inatha.

"Iyenda?" anafunsa mwadzidzidzi, akuyang'ana kwina.

Ndinati netiweki ikuyenda.

"Ya ku Kabulonga munaika chani?"

Ndinawauza makina amene tinaikapo, ndipo ndinati malamulo onse a rauta imeneyo tsopano amakwana pa sikirini imodzi. Anandiyang'ana mokayika. Ankakumbukira kuti m'masiku awo munthu ankatsitsa masamba mpaka chala kutopa. Ndinapempha pepala. Analowa m'nyumba n'kubwera ndi katoni ya mankhwala a nkhuku ndi bolopeni. Ndinajambula mzinda wonse kumbuyo kwa katoniyo, Longacres, Kabulonga, Chelstone, Woodlands, Makeni, ndi nambala pa siteshoni iliyonse, n'kuwaonetsa mmene uthenga wa chipatala umayendera tsopano. Anavala magalasi. Anafunsa mafunso ovuta, onga amene ankandifunsa ndili mtsikana. Nanga ikaduka apa? Nanga zikaduka ziwiri? Nanga njira yothawirayo ikadzaza? Ndinayankha onse, kupatula limodzi limene ndinavomera kuti mpaka pano timalikonza ndi manja. Apo anamwetulira pang'ono.

Anaigwira katoniyo nthawi yaitali. Nkhuku zinayamba kulira m'khola, nthawi yodya itakwana.

"Ni nchito yabwino," anatero. "Sininganame. Ni yabwino maningi."

Ndinathokoza. Ndinkafuna kuwonjezera mawu ena, koma anakweza dzanja.

"Koma kukukhululukilani sininayambe." Anaimirira, anapinda katoni ija bwinobwino n'kuiika m'thumba la ovolosi. "Mubwele futi pa Sondo. Pali vamene sininamvesese apa pa Woodlands."